Mankhwala a matenda a maganizo akakunenepetsani: zomwe zimachitika m'thupi ndi njira zochepetsera thupilo

Munthu amene wayamba kumwa olanzapine, amodzi mwa mankhwala a matenda a maganizo, nthawi zambiri amaona zinthu ziwiri zikusintha nthawi imodzi. Mawu amene ankamusokosa m'mutu amayamba kuzilala, tulo timabwera, achibale amapumako. Koma pasanathe milungu ingapo lamba wa thalauza amafunika kubooledwa bowo lina. Wadya chakudya chamadzulo mbale yodzaza, patangopita ola limodzi m'mimba mwayambanso kuitana, ndipo pakati pa usiku akupezeka ali kukhitchini kufufuza chilichonse chotsekemera. Amene sanamvepo njala yotereyi amangoti ndi dyera. Chonsecho njalayo amaibweretsa ndi mankhwala, monga momwe mankhwala ena amaumitsira kukamwa kapena kunjenjemeretsa manja, ndipo ndi vuto loyenera kulithandiza kuchipatala ngati mavuto enawo.

Kunenepaku kumasiyana kwambiri malinga ndi mankhwala amene munthu akumwa. Mu 1999 katswiri wofufuza David Allison ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kuwerengetsera makilogalamu amene munthu amawonjezera akamwa mankhwala kwa milungu 10. Clozapine anatsogola ndi makilogalamu pafupifupi 4.5, olanzapine anapitirira pang'ono 4, risperidone anali cha m'ma 2, pomwe ziprasidone sanasunthe sikelo n'komwe. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CATIE, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2005 ndipo anakhudza odwala schizophrenia (matenda amene munthu amatha kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe) pafupifupi 1,500, anthu 30 pa 100 alionse omwa olanzapine anawonjezera kulemera kwawo ndi zoposa 7 peresenti. Ana ndi achinyamata ndiwo amapwetekeka kwambiri. Katswiri wina, Christoph Correll, ndi gulu lake anapeza mu 2009 kuti achinyamata omwa mankhwalawa koyamba ankawonjezera makilogalamu 8.5 pa olanzapine m'milungu pafupifupi 11 yokha, ndipo ngakhale aripiprazole, amene amatchuka kuti sanenepetsa kwenikweni, anawawonjezera makilogalamu 4.4.

Manambalawa ndi apakatikati, choncho amabisa zambiri. Pali anthu omwe amamwa olanzapine kwa zaka osasintha thupi, pali enanso omwe amawonjezera makilogalamu 15 kapena 20 m'chaka choyamba.

Si mankhwala a schizophrenia okha. Pa matenda a bipolar, amene munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala mopyola muyezo ndi kukhumudwa kwambiri, lithium ndi valproate amanenepetsa anthu ambiri, pomwe lamotrigine nthawi zambiri sakhudza thupi. Pa mankhwala a matenda ovutika maganizo, mirtazapine, amitriptyline ndi paroxetine ndi amene amadziwika ndi vutoli. Bupropion amatha kuchepetsako thupi pang'ono. Apa pali chinthu chofunika kuchisiyanitsa. Munthu amene anaonda chifukwa matenda anamulanda chilakolako cha chakudya, akayamba kuchira n'kubwerera pa thupi lake lakale, kumeneko ndi kuchira. Chodetsa nkhawa ndi sikelo yomwe yadutsa pomwe munthu anali asanadwale ndipo ikupitirirabe kukwera mwezi ndi mwezi.

Njala imeneyi imachokera kuti

Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa hypothalamus, kamene kamalandira uthenga wochokera m'mimba, m'magazi ndi m'mafuta a m'thupi n'kugamula ngati munthu ali ndi njala kapena wakhuta. Uthengawu umanyamulidwa ndi makemikolo monga histamine ndi serotonin, ndipo umadutsa m'timakomo tapadera ta pa maselo a ubongo. Tiwiri mwa timeneti, kolandira histamine kotchedwa H1 ndi kolandira serotonin kotchedwa 5-HT2C, timathandiza kuuza munthu kuti basi, wakhuta. Olanzapine, clozapine ndi mirtazapine amatseka timakomo tonse tiwiri mwamphamvu. Zikatero chakudya chimalowa m'mimba bwinobwino koma uthenga wa kukhuta umafika mochedwa ndiponso mofooka. N'chifukwa chake anthu amafotokoza kuti m'mimba mwadzaza ndithu koma pakamwa pakufunabe. Akatswiri anaonanso kuti mankhwala akamagwira mwamphamvu pa H1, m'pamenenso amanenepetsa kwambiri.

Kutsekeka kwa H1 komweko ndi kumene kumagonetsa. Munthu amagona maola 10 kapena 12, akadzuka thupi limakhala lolemera mpaka masana, ndipo kuyendayenda kwa tsiku ndi tsiku, komwe sitikuwerengera ngati masewera olimbitsa thupi koma kumatentha mphamvu zambiri, kumachepa osadziwa. Olanzapine ndi clozapine amakhudzanso kemikolo wina wa mu ubongo wotchedwa dopamine, yemwe amathandiza munthu kumva kukoma kwa zinthu ndi kukhala ndi chidwi chochita kanthu. Masewera, macheza ndi ntchito zikasiya kukoma monga kale, chakudya chotsekemera kapena chamafuta chimatsala chili chisangalalo chosavuta kuchipeza.

Ndiye pali ludzu. Amitriptyline, quetiapine ndi olanzapine amaumitsa kukamwa, ndipo lithium amachititsa munthu kukodza pafupipafupi n'kumamva ludzu tsiku lonse. Ludzulo likamathetsedwa ndi zakumwa za shuga, munthu amatha kumwa mphamvu zokwana chakudya chathunthu cha tsiku osatafuna kanthu. Lithium amathanso kufooketsa chithokomiro, ndipo chikafooka thupi limatentha chakudya pang'onopang'ono, munthu amatopa, amazizidwa, amanenepa. Ili ndi vuto loyezeka m'magazi ndipo lili ndi mankhwala ake, choncho aliyense womwa lithium amene wanenepa ayenera kuyezetsa chithokomiro asanayambe kudziimba mlandu.

Chinanso chosaoneka ndi maso n'chakuti clozapine ndi olanzapine amasokoneza mwachindunji kagwiridwe ntchito ka insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndi kapamba amene amaitulutsa. Shuga ndi mafuta a m'magazi zimatha kukwera sikelo isanasunthe kwenikweni. Munthu wochepa thupi womwa mankhwalawa ayeneranso kuyezedwa magazi.

Kusiya mankhwala mwakachetechete

Kunenepa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe anthu amasiyira mankhwalawa, ndipo ambiri amasiya osauza wina aliyense. N'zomveka. Zovala zonse zathina, anthu akuyankhula, pagalasi pakuoneka munthu wachilendo, ndipo nthawi zina wodwala akadandaula kuchipatala amangoyankhidwa ngati kuti walira mvula walira matope. Yankho lotero ndi laulesi, chifukwa kunenepaku kumafupikitsa moyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chimene chimawapha kwambiri ndi matenda a m'thupi monga a mtima, a shuga ndi a m'mapapo.

Komabe kutaya mapiritsi kumawonjezera ngozi. Ku Finland anatsatira odwala schizophrenia oposa 60,000 kwa zaka zofika 20, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2020 zinasonyeza kuti imfa zinali zochepa kwambiri pa nthawi yomwe anthu ankamwa mankhwala kusiyana ndi nthawi yomwe sankamwa, ndipo zochepetsetsa zinali pakati pa omwa clozapine, mankhwala omwe amanenepetsa koposa. Kafukufuku wongotsatira anthu chonchi sangatsimikize chilichonse payekha, koma uthenga wake ndi wovuta kuunyalanyaza. Matenda akayambiranso, munthu amabwerera m'chipatala, kawirikawiri n'kupatsidwa mlingo wokwera kuposa wakale, ndipo kudya kwadongosolo ndi kuyenda komwe anayamba kumasokonekeratu. Kusiya lithium mwadzidzidzi kumadzutsa matenda mofulumira komanso kumakweza ngozi yodzipha. Clozapine akadumphidwa kupitirira maola 48 saloledwa kuyambiranso pa mlingo wakale. Amayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, kuopa kuti kuthamanga kwa magazi kungatsike mwadzidzidzi munthu n'kukomoka.

Chokhumudwitsa china n'chakuti ngakhale amene asiya mankhwala movomerezeka ndi dokotala, thupi silibwerera lokha pomwe linali. Njala yoopsa ija imatha, makilogalamu angapo amachoka, koma ambiri amatsalira. Thupi likazolowera kulemera kwatsopano limakuteteza: munthu akaonda, mahomoni oyambitsa njala amakwera, oletsa njala amatsika, ndipo zimakhala choncho kwa chaka kapena kuposerapo. Apa m'pamene pali chifukwa chenicheni chochitira changu.

Milungu yoyambirira

Kunenepa kwambiri kumachitika m'miyezi yoyambirira, ndipo mwezi woyamba umalosera zam'tsogolo. Amene wawonjezera 5 peresenti ya kulemera kwake m'mwezi woyamba, mwachitsanzo makilogalamu 3.5 kwa munthu wolemera makilogalamu 70, ali pangozi yaikulu yonenepa kwambiri mtsogolo. Mu 2004 mabungwe a American Diabetes Association ndi American Psychiatric Association pamodzi ndi ena anagwirizana ndondomeko yomwe ikutsatidwabe: kuyeza kulemera munthu asanayambe mankhwala, kenako pa milungu 4, 8 ndi 12, ndiyeno miyezi 3 iliyonse, kuyeza kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi poyamba ndiponso pa milungu 12, ndipo kulemera kukakwera ndi 5 peresenti, kuganizira zosintha mankhwala. M'zipatala zambiri padziko lonse ndondomekoyi imatsatidwa mwa apo ndi apo. Wodwala kapena womusamalira amene amalemba yekha kulemera kwake m'kabuku mlungu uliwonse, pa sikelo imodzimodzi, m'mawa asanadye, amakhala ndi chinthu chooneka choika pa tebulo la dokotala, ndipo manambala olembedwa amamveka kuposa mawu oti "ndikuona ngati ndanenepa".

Zimene dokotala angachite

Anthu ambiri amayamba n'kupempha kuti mlingo uchepetsedwe. Izi zimathandiza pang'ono pokha, chifukwa pa mankhwala ambiri otere kunenepa sikutsatira mlingo mokhulupirika. Timakomo ta H1 timatsekeka kale ngakhale pa mlingo wochepa. Quetiapine wochepa amene ena amapatsidwa kuti azigona amanenepetsa ndithu.

Kusintha mankhwala kumathandiza kuposa pamenepo, koma kuli ndi mtengo wake. Pa kafukufuku wa ku America wotchedwa CAMP, wa mu 2011, odwala amene anachotsedwa pa olanzapine, quetiapine kapena risperidone n'kuikidwa pa aripiprazole anachepa ndi makilogalamu pafupifupi 3 kuposa amene anakhalabe pa mankhwala awo, ndipo mafuta a m'magazi anatsika. Koma amene analephera kupitiriza mankhwala anali ochuluka mwa osinthawo kuposa mwa amene sanasinthe. Aripiprazole amatha kubweretsa kusakhazikika, munthu n'kumalephera kukhala pansi, ndiponso kusowa tulo. Kwa munthu amene mankhwala ena onse anakanika mpaka clozapine ndiye anamudzutsa, kusintha kawirikawiri si nzeru. Kwa amene wangoyamba kumene ndipo sanayesepo mankhwala ena, funso loti "kodi palibe ena osanenepetsa chonchi?" ndi loyenera kulifunsa msanga. Kusinthako kumachitika pang'onopang'ono, awa akutsika awo akukwera, dokotala akuyang'anira.

Njira yomwe ndikuona kuti imachedwa kuperekedwa popanda chifukwa chokwanira ndi metformin. Awa ndi mankhwala akale a matenda a shuga, odziwika bwino, amene amathandiza thupi kumvera insulini ndipo amachepetsako chilakolako cha chakudya. Zotsatira za kafukufuku wambiri zikaphatikizidwa zimasonyeza kuti omwa metformin amachepa ndi makilogalamu pafupifupi 3 poyerekeza ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo amagwira bwino kwambiri akayambidwa msanga, makamaka kwa achinyamata amene angodwala koyamba. Kafukufuku wa ku China wa mu 2008, wa odwala 128, anapeza kuti metformin ophatikiza ndi kusintha kadyedwe ndi masewera anaposa chilichonse mwa ziwirizi pachokha. Malangizo a World Health Organization a mu 2018 amati metformin aganiziridwe pamene kusintha kadyedwe kapena kusintha mankhwala sikunaphule kanthu, ndipo akatswiri ena tsopano amalimbikitsa kuti ayambidwe limodzi ndi olanzapine kapena clozapine. Munthu sachita kukhala ndi matenda a shuga kuti apatsidwe. Mavuto ake ndi nseru ndi kutsegula m'mimba m'masiku oyamba, zomwe zimachepa akamamwedwa ndi chakudya ndiponso mlingo ukamakwezedwa pang'onopang'ono. Impso ziyenera kuyezedwa kaye, ndipo womwa kwa zaka aziyezetsa vitamini B12.

Mankhwala amphamvu kuposa metformin ndi a gulu la GLP-1, monga liraglutide ndi semaglutide, omwe nthawi zambiri ndi obaya. Amatsanzira homoni ya m'matumbo youza ubongo kuti munthu wakhuta, ndiye kuti amagwira pomwe pavulala penipeni. Ku Denmark, pa kafukufuku wa mu 2017 wa odwala 103 omwa clozapine kapena olanzapine, obayidwa liraglutide anachepa ndi makilogalamu 5.3 kuposa anzawo amene sanalandire liraglutide m'milungu 16, ndipo ambiri shuga wawo anabwerera m'malo. Koma mankhwalawa amachedwetsa matumbo, pomwe clozapine amadzimbitsa kale mpaka nthawi zina kuika moyo pachiswe, ndipo kusanza komwe mankhwala a GLP-1 amabweretsa kungakweze lithium m'magazi. Si ogula mwamseri n'kumadzibaya.

Palinso ena. Aripiprazole wowonjezera pa clozapine kapena olanzapine amachotsa makilogalamu pafupifupi 2. Topiramate amachepetsa thupi koma amachedwetsa kuganiza, amaiwalitsa mawu, amayambitsa miyala mu impso ndipo ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Mu 2021 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza piritsi lophatikiza olanzapine ndi samidorphan, lomwe limachepetsako kunenepa osakuthetsa, ndipo silimwedwa ndi mankhwala opha ululu a gulu la morphine.

Kadyedwe ndi kuyenda

Pano pamafunika kunena zoona, chifukwa malangizo oti "idyani pang'ono, muziyenda" amaperekedwa ngati kuti ndi ophweka. Kafukufuku wa ACHIEVE wa ku America, wa mu 2013, anathandiza odwala matenda aakulu a maganizo kwa miyezi 18 ndi makalasi a kadyedwe, masewera a pagulu ndi uphungu wa munthu payekha. Pamapeto pake anachepa ndi makilogalamu 3.2 kuposa gulu la odwala amene sanalandire thandizo lotereli, ndipo pafupifupi 38 pa 100 alionse anataya 5 peresenti ya kulemera kwawo kapena kuposa. Koma ku England kafukufuku wa STEPWISE, yemwe anali ndi maphunziro ochepa a pagulu, sanapeze kusiyana kulikonse patatha chaka. Phunziro lake n'lakuti kungouzidwa zochita sikukwanira. Chimene chimagwira ndi thandizo lapafupipafupi, la nthawi yaitali, lokhala ndi munthu woyenda nawe.

Popeza uthenga wa kukhuta ndi wofooka, kudalira m'mimba kuti muuze munthu poti alekere n'kudzinamiza. Chosankha chiyenera kuchitika njala isanafike: kupakula mbale imodzi n'kuchotsa miphika pamaso, kudya pa nthawi zoikika, kuyamba ndi masamba ndi zakudya zomanga thupi monga nyemba, mazira kapena nsomba, zomwe zimakhalitsa m'mimba. Njala ya usiku, yomwe imabwera ola limodzi kapena awiri munthu atamwa piritsi, ndi yomwe imagonjetsa ambiri. Ena amathandizika akagwirizana ndi dokotala kuti azimwa piritsilo atatsala pang'ono kugona, tulo tiziwapeza njala isanakule. Ena amakonzeratu kachakudya kochepa kodikira nthawi imeneyo, m'malo molimbana nayo mpaka kugonja n'kudya chilichonse. Ndipo chimene mulibe m'nyumba pa 11 koloko usiku sichidyedwa, choncho nkhondo yeniyeni imamenyedwa pogula zinthu, ndipo apa a m'nyumba onse ali ndi mbali. Kusiya zakumwa za shuga n'kumamwa madzi ndi kusintha kumodzi komwe kumabweza zambiri kuposa kwina kulikonse, makamaka kwa omwa lithium.

Kudumpha chakudya kumasokoneza mankhwala ena. Ziprasidone ndi lurasidone salowa bwino m'magazi akamwedwa m'mimba mopanda kanthu. Woyamba amafuna chakudya cha makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500, wachiwiri 350. Munthu amene wasinthira ku mankhwalawa n'kuyamba kusala chakudya chamadzulo amakhala akumwa mlingo wochepa osadziwa.

Masewera paokha sachotsa makilogalamu ambiri, koma amachepetsa mafuta a pamimba, amathandiza insulini, amakonza tulo ndi maganizo. Mphindi 150 pa mlungu zoyenda ndawala ndi mlingo umene World Health Organization imalimbikitsa, ndipo kwa munthu wogonetsedwa ndi mankhwala kuyamba ndi mphindi 10 chakumadzulo, thupi litapepukako, n'kwanzeru kuposa kudzikakamiza kuthamanga m'mamawa. Ngati kudyako kwafika poti munthu amadya zochuluka nthawi imodzi osatha kudziletsa, kenako n'kudzisanzitsa kapena kudzimana masiku, limenelo ndi vuto lina lofunika kuliulula, chifukwa kudzimana kwambiri kumangolikulitsa.

Njira zachidule zili ndi ngozi zapadera kwa omwa mankhwalawa. Impso zimasunga lithium wambiri munthu akachepetsa mchere mwadzidzidzi, akataya madzi ndi thukuta, kapena akamwa tiyi woondetsa amene amakodzetsa ndi kutsegula m'mimba. Lithium akakwera, manja amanjenjemera kwambiri, munthu amasanza, amayenda dzandidzandi, lilime limalemera, ndipo apo n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ibuprofen ndi diclofenac, omwe munthu angamwe miyendo ikamapweteka ndi masewera, amakwezanso lithium. Mapiritsi oondetsa otsatsidwa pa intaneti kuti ndi azitsamba akhala akupezeka ndi sibutramine wobisika, mankhwala amene anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2010 chifukwa cha ngozi ya mtima, ndipo amatha kudzutsa matenda a maganizo. Fodya naye ali ndi nkhani yake: utsi wake umafulumizitsa chiwindi kuphwanya clozapine ndi olanzapine, kotero munthu akasiya kusuta mankhwalawo amakwera m'magazi. Kusiya fodya n'kwabwino koposa, ngakhale kumawonjezera makilogalamu angapo, koma dokotala adziwe tsiku lake kuti aone za mlingo.

Nanga tiyembekezere zotani? Kwa ambiri amene akupitiriza mankhwala, kubwerera pa thupi la asanadwale n'kovuta, ndipo amene amalonjeza zimenezo m'miyezi iwiri akugulitsa kanthu. Choyamba chotheka ndi kuimitsa sikelo kuti isakwerenso. Chachiwiri ndi kuchotsa 5 mpaka 10 peresenti, kutanthauza makilogalamu 4.5 mpaka 9 kwa munthu wolemera makilogalamu 90, ndipo zimenezo n'zokwanira kutsitsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi mooneka. Sikelo ikaima, yezani m'chiuno ndi chingwe cha telala, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Cholinga n'chakuti muyezowo ukhale wosafika theka la kutalika kwanu, ndipo umatha kutsika ngakhale makilogalamu asakusintha. Metformin kapena mankhwala a GLP-1 akasiyidwa pomwe olanzapine akumwedwabe, njala imabwerera ndipo makilogalamu ambiri amabwerera nayo, choncho pokambirana zoyamba mankhwala amenewa funsaninso kuti adzamwedwa kwa nthawi yaitali bwanji ndiponso magazi aziyezedwa liti.